Ndapeza njinga patatha miyezi itatu ndikufunafuna

Abale ndi alongo, ndafuna ndikudziwitseni kuti dzulo ndagula njinga yakapalasa yatsopano, patatha miyezi itatu ndikuzungulira m'masitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre osaipeza. Paliponse pomwe ndinkalowa ankandiuza zofanana, zoti katundu sakubwera chifukwa ndalama zakunja zikusowa m'mabanki, pomwe njinga zambiri zomwe timakwera kuno, ngakhalenso matayala, machubu ndi matcheni ake, zimachokera ku India ndi ku China.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi mtengo. Chichokereni mwezi wa Novembala 2023, pomwe ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya katundu wochokera kunja sinakhazikike, ndipo ndalama zomwe ndinasunga nditagulitsa soya zinali zitaperewera kale pofika tsiku logula, moti ndinachita kukabwereka zina kubanki m'khonde. Mwini sitolo anali ndi njinga ziwiri zokha, ndipo sindinathe kusankha mtundu kapena kunenerera.

Ndikuganizira kwambiri anzathu akabaza, omwe njinga ndiyo munda wawo, chifukwa tcheni ikangoduka ndiye kuti tsiku limenelo ana agona ndi njala. Ndikupempha boma kuti pogawa ndalama zakunja liziganiziranso oitanitsa njinga ndi zipangizo zake, makamaka nthawi ino pomwe mafuta agalimoto akusowasowa. Mawa m'mamawa ndipita nayo kwa amakaniko kuti akamange masipoko ndi kulimbitsa kaliyala ndisanayambe kunyamulirapo matumba a chimanga.