Zikomo anthu akwathu ku Kamwendo

Ndinachoka ku Mchinji ndi akazi anga komanso ana awiri kukaphunzitsa masamu ku Francistown, m'dziko la Botswana. Miyezi yoyamba inali yowawa. Ana ankaweruka akulira poti anzawo amacheza m'Setswana, ife tikudziwa "Dumela" basi.

Tili mkati molimbana ndi zimenezi, foni inalira usiku: amayi akomoka kumudzi.

Achimwene a kabaza amene munawanyamula mpaka kuchipatala cha paboma, n'kukana ngakhale ya mafuta, zikomo. Inu amayi oyandikana nafe nyumba, mwandiletsa kukutchulani dzina, chabwino, koma ndinu munayala chitenje pansi m'wodimo masiku asanu, kuwamwetsa phala ndi supuni, kuwachapira. Anyamata a kutchalitchi anakumba mtedza wa amayi usanamere m'nthaka.

Chifukwa cha inu sindinasiye ophunzira anga pakati pa teremu, ntchito ndikadali nayo. Amayi anachira, akuyenda okha. Pa mtedza uja anatitumizira kathumba, tinakazinga, ndiye wamng'ono wathu, uja ankalira kwambiri, anakagawira anzake kusukulu. Pano amene akutiphunzitsa Setswana panyumba ndi iyeyo, ndipo tikalakwitsa amatiseka.