Mthiko, majombo ndi bambo wa m'bokosi

Inu amene mukufalitsa zoti ndikuweta ndondocha m'bokosi kuno ku Chilenje mu Lusaka, Mulungu akukuonani. Mlamu wanga wayendayenda nayo kale nkhaniyi, ku bala, kometetsa tsitsi, mpaka kumaliro, ndipo paliponse akuthirako tsabola wake. Iyeyo panalibe n'komwe. Mverani kwa mwini nkhani.

Bokosilo ndi ampulifaya, chokuzira mawu a gitala, ya mavalavu (timabotolo tagalasi tokhala ngati mababu), yomwe ndinalumikiza ndi manja angawa potsata pulani ya Fender Champ 5F1 ya m'zaka za m'ma 1950. Mavalavu ake ndi atatu basi: 12AX7 yokuza kamawu ka gitala, 6V6 yokankha sipika, ndi 5Y3 yowongola magetsi. Mphamvu yake mawati 5. Ndinawalonjeza amake mwana kuti kanthu kotere sikangadzutse ngakhale mphaka.

Tsiku loyamba kuyatsa inalira ngati mbuzi ya ku Chibolya yomwe yaona mpeni. Agalu a mzere wonse anayankha. Mawaya awiri a thiransifoma yopita ku sipika anali atasinthana malo, ndiye mawu omwe amayenera kubwerera kudzaziziritsa makina ankabwerera kudzasonkhezera moto. Mitundu ya mawaya pa pulani inali ina, pa thiransifoma yanga ina. Mlandu wa ndani pamenepo? Ndinasinthanitsa, mbuzi inakhala chete.

Kenako kunatsala kung'ung'udza. Hmmmmmm, osapuma. Pano ndiye ndikufuna mundipatse ulemu wanga, chifukwa ndinafufuza mwaukatswiri. Magetsi athu kuno ndi a mavoti 230 pa 50 Hz, kutanthauza kugunda ka 50 pa sekondi. Phokoso likakhala la 50 Hz, lakuya lija lomveka m'mimba, kawirikawiri ndi mawaya a 6.3 V otenthetsa mavalavu, kapena earth, waya wotayira magetsi pansi, yolumikizidwa mwachisawawa. Likakhala la 100 Hz, yang'anani makapasita osefa magetsi. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: dinani fureti yachitatu pa nsambo yaikulu ya gitala, imeneyo ndi G wa 98 Hz. Phokoso likayandikana naye, ndi makapasita. Langa linali pansi pake. Ndinapota mawaya otenthetsa aja mpaka zala kutupa, n'kuika marezisita, tizipangizo tochepetsa mphamvu ya magetsi, awiri a ma ohm 100 kupita ku earth. Linachepa ndithu. Koma chinatsalira kaphokoso kena, kosokosera, kobwera ndi kupita, ndipo kameneka ndi kamene kanandipalamulitsa.

Mukukumbukira Okutobala wa 2024. Madzi ataphwa ku damu la magetsi la Kariba, magetsi ankabwera maola ochepa chabe, nthawi zambiri anthu abwino atagona. Ndiye musandifunse chifukwa chake ndinali maso 02 koloko usiku. Ampulifaya siyaka ndi makala.

Tsono mavalidwe. Chilichonse chomwe ndinavala usiku umenewo chili ndi chifukwa chake. M'kati mwa bokosilo muli mavoti opitirira 300, ndipo makapasita amawasunga ngakhale mutazimitsa. Choncho umavala nsapato za mphira. Zanga ndi majombo a kumunda. Dzanja limodzi umaliika m'thumba kuti magetsi asadutse pachifuwa kuchoka dzanja ili kupita linali. Malaya ndinavula chifukwa cha kutentha, ndinatsala ndi kakabudula. Babu ya pabalaza ndinazimitsa popeza mababu otchipa a LED amalowetsa phokoso lawolawo, ndiye tochi ndinaluma pakamwa. Pogogoda ndi kusuntha mawaya makina ali moyo pamafunika kamtengo kouma. Akunja amagwiritsa ntchito timitengo todyera ta ku China. Pensulo ayi, mtima wake umadutsa magetsi. M'nyumba mwathu mtengo wouma, wautali bwino, wogwirika, unalipo umodzi: mthiko.

Ndinagogoda 6V6, zii. Ndinagogoda makapasita, zii. Nditangokankha waya wopita pa mwendo wachiwiri wa 12AX7, bokosi linatsokomola. Kenako linayankhula.

Mawu a bambo, okhathamira, odekha, m'chinenero chomwe sindinamvepo chibadwire. Ndikachotsa mthiko, bamboyo ankapita kutali. Ndikabwezera, ankabwera pafupi, mpaka kumva kupuma kwake. Ndinaima pamenepo, thukuta kamukamu, mavalavu ali psuu mumdima, utsi wa soda yowotcherera mawaya ukadali tolotolo, ine n'kumamuyendetsa munthu wamkulu ndi mthiko. Bwera. Pita. Bwera. Ndinafika pomufunsa kuti, "Ndinu ndani, akulu?" Koma ndi tochi pakamwa zinatuluka ndi zakuti, "Nyi-nyu nya-nyi, a-u-u?" Ndipo bamboyo, sindikunama, anaseka.

Apa ndi pomwe ndinamva mpweya kumsana.

Apongozi anga, amayi awo a amake mwana, anali atabwera kuchokera ku Chipata sabata imeneyo. Atamva firiji yalira anadzuka kuti atchaje foni, monga amachitira aliyense mu Lusaka magetsi akabwera. Anali chilili pakhomo la pabalaza, foni dzanja ili, tchaja dzanja ili. Kuyambira pomwe ndinakwatira, mayi amenewa sanaonepo ngakhale chigongono changa. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Lero akuona mkamwini wawo ali chifuwa pamtunda, majombo kuphazi, kuwala kukutuluka m'kamwa, akutakasa bokosi lamoto ndi mthiko wa mwana wawo, akucheza ndi munthu wosaoneka.

Ulemu ndinaleredwa nawo. Ndinanyonyomala msangamsanga. Majombo analira fwiii, kulira koti munthu angaganize zina. Dzanja lamanzere linakana kutuluka m'thumba, chifukwa thupi linali litaloweza lamulo, ndiye ndinanyonyomala pamaso pa apongozi dzanja lili m'thumba, mthiko uli m'mwamba. Kuomba m'manja kunakanika. Kupereka moni kunakanika, tochi. Ndinangowaunika kumaso. Tinakhala choncho nthawi yokwana kuphika nyemba zouma, bambo wa m'bokosi akupitiriza nkhani yake, mwina ya mitengo ya feteleza kwawoko, kaya.

Apongozi anayang'ana pansi, n'kunena mwaulemu wonse: "Pepani atate, sindinadziwe kuti muli ndi alendo. Pitirizani."

Anabwerera chafutambuyo. Chitseko chinatsekedwa, ndinamva bedi likukokedwa kudzachitchinga. Mapemphero anayamba, ndipo dzina langa linatchulidwa lonse, ndi la mtundu lomwe.

Kutacha amake mwana anangondifunsa funso limodzi: "Atate ake mwana, mthiko wanga umakatani kwa anzanu ausiku?" Masana apongozi anakana nsima, anati m'mimba simuli bwino, anadya mabanzi ndi tiyi.

Chilungamo chake n'chakuti inali wayilesi. Chingwe cha gitala chimagwira mafunde a m'mlengalenga, valavu yoyamba n'kuwasandutsa mawu. N'chifukwa chake pa pulani pali rezisita ya 68k, kutanthauza ma ohm 68,000, pakhomo polowera mawu, yotsekereza mafunde amenewo. Ya 68k mizere yake ndi yabuluu, yotuwa, yaolenji. Yomwe anandigulitsa mnyamata wina m'tauni inali yabuluu, yotuwa, yakuda: ma ohm 68 okha, kuchepa ka 1,000. Iye ankasankha ndi tochi ya foni, sitolo ili bii, ine ndinalumikiza pa kandulo. Olenji ndi wakuda pa kandulo ndi pachibale.

Ndinawapempha amake mwana kuti akawaitane amayi ndiwaonetse poyera kuti ndi wayilesi chabe. Mwamwayi tsiku lotsatira magetsi anabwera masana. Onse anakhala pa mpando, mlamu wanga uja ndi mkulu wa mpingo yemwe anangopezeka kuti "amadutsa". Ndinavala malaya, ndinayatsa, ndinakankha waya uja. Zii. Ndinakankhanso. Zii. Ndinafotokoza kuti mafunde a mawayilesi akutali amayenda bwino dzuwa likalowa, masana amazilala m'mwambamo.

Apongozi anatembenukira kwa mkulu wa mpingo. "Mwamva? Akuti amabwera usiku wokhawokha."

Mkulu uja anagwedeza mutu, n'kutsegula chikwama.

Rezisita ndinasintha, bamboyo sanabwerenso. Mthiko watsopano ndinakagula ku Soweto Market ndi ndalama zanga, wakale uja anandisiyira, uli m'bokosi la zipangizo. Apongozi anakwera basi ku Intercity masiku awo asanakwane, ndipo ndamva kuti ku Chipata nkhaniyi yafika poti bamboyo ankanditchula dzina. Ampulifaya ikulira bwino, kalindula amatuluka mokoma, ngakhale kang'ung'u kapansipansi kakadalipo ukakweza voliyumu, komwe ndi khalidwe la ma Champ onse. Amene ali ndi 12AX7 yapadera andibwereke, ndikufuna kuyesa kanthu kena.