Ekiselo ya 12 m'mashoko a 15: njinga imene inatidyera sabata

Sabata yatha pagalaja panali ntchito zanthawi zonse. Njinga zamoto za Boxer ndi TVS za anyamata a delivery kudzathira oilo, kusintha tcheni ndi masiproketi, kilatchi yopsa ndi mzere wa magalimoto wa pa Lumumba Road ku Lusaka madzulo, kabuleta yodzaza fumbi la ku Kanyama. Zimenezo sinditayirapo nthawi, amisiri anzanga mukuzidziwa. Yandiwawa ndi njinga ya 150cc imene inalowa Lachitatu m'mawa, ndipo mpaka pano mtima sunatsike.

Mwini wake anagwera m'dzenje mashoko akutsogolo n'kupindika. Anakagula ena akale ochotsedwa panjinga ya mtundu wina, n'kukamangitsa kwina. Mapaipi analowa bwinobwino kumtunda, ndiye wommangirayo anangoti basi zatheka. Kwa ife anabwera ndi madandaulo anayi: handulo ikugwedera akagwira buleki, mashoko auma, yakumanzere ikukha oilo, sipidomita yafa.

Titamasula nati, ekiselo, chitsulo chimene wilo imazungulirapo, inasololoka itakulungidwa ndi chitini chodula pachigubu cha oilo. Mabowo a mashoko atsopanowo ndi a 15 mm, ekiselo ndi yakale ija ya 12 mm. Chitinicho chinali chitaphwatalala kale, ekiselo ikusewera m'bowo, ndipo aluminiyamu ya shoko inali itayamba kudyeka. Mpata wotsala pakati pa habu (chapakati pa wilo) ndi shoko anautseka ndi mawashala okwana 5 mm, onse mbali ya buleki. Choopsa kwambiri chinali pamenepo. Puleti ya buleki ya dilamu ili ndi mpata umene umalowa dzino la pashoko kuti isazungulire limodzi ndi wilo. Dzinolo ndi lotalika 8 mm, ndiye mawashala aja atakankha puleti, linangogwira 3 mm yokha, m'mphepete mwake mutanyenyeka kale. Tsiku lina akanagwira buleki mwamphamvu, puleti ikanalumpha, n'kuzungulira, n'kukoka waya wa buleki, wilo n'kuima nji njinga ikuthamanga. Munthu ameneyu amayenda Great East Road tsiku lililonse ali ndi katundu kumbuyo.

Mkati mwa habu munalibenso sipesa, kapaipi kotseka mpata wa pakati pa mabering'i awiri. Winawake posintha mabering'i anaiiwala, kapena anaiona ngati kapaipi kopanda ntchito. Nati ikamangidwa, mphamvu yake imayenera kuyenda chitsulo pa chitsulo: shoko, sipesa yakunja, mphete yamkati ya bering'i, sipesa yapakati, mphete yamkati ya bering'i inayo, puleti ya buleki, shoko inayo. Sipesa yapakati ikasowa, mphamvu yonseyo imakathera pa timipira ta bering'i. Onse awiri anali atayamba kale kukhadzula pozungulira, ngakhale kuti anali atsopano.

Ntchito yeniyeni inayambira pa vernier, chida choyezera mamilimita. Njinga tinaikweza kutsogolo, mashoko ali lende, mabauti akumtunda omangidwa, mapaipi onse atatulukira mofanana pamwamba. Pakati pa mashoko awiri, pamene pamalowa ekiselo, panali 146 mm. Habu, puleti ndi sipesa yake yoyambirira zitasanjidwa pamodzi zinakwana 139 mm. Kusowa 7 mm. Mawashala anatseka 5, ndipo 2 mm yotsalayo inkatsekedwa ndi nati pokokera mashoko mkati. Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa 2 mm imaoneka yochepa ndipo nati imaikoka mosavuta. Koma mashoko akasiya kuima mofanana, paipi imakhulana ndi mkati mwa shoko mbali imodzi, shoko imauma, siilo imadyeka n'kuyamba kukha. Mukhoza kusintha siilo kangapo konse, oilo sadzasiya kutuluka mpaka kutalika kwa masipesa kutakonzedwa.

Njira yoyamba imene mmisiri aliyense angaganize ndi kukonza wilo kuti ilandire ekiselo ya 15. Zikanatheka habuyo ikanakhala ya mabering'i a 6201, amene ndi 12 mm mkati, 32 kunja, 10 m'lifupi, chifukwa 6002 ndi 15 mkati, 32 kunja, 9 m'lifupi. Imalowa m'malo omwewo, kungoti masipesa onse ndi bowo la puleti ziyenera kukonzedwanso. Koma habu iyi ndi ya 6301, 12 mkati, 37 kunja. Mwa mabering'i a 15 amene timagula masiku onse, 6202 ndi 35 kunja, 6302 ndi 42. Palibe yolowa. Kuboola habu ya aluminiyamu kuchoka pa 37 kufika pa 42 ine sindingavomere, nyama yotsala ingachepe. Tinasankha kusunga ekiselo ya 12 ndi kusema pa lathe (makina osemera zitsulo) mabushi awiri achitsulo, timapaipi tolowa m'mabowo a mashoko, 12 mkati, 15 kunja, iliyonse ili ndi mkombero woyang'ana kuhabu.

Mikombero imeneyi ndi imene inagawana 7 mm ija. Tinaika wilo pakati, n'kuyeza kuchoka pa limu kufika pa shoko mbali zonse mpaka zitafanana. Zinatuluka 2 mm mbali ya buleki, 5 mm mbali inayo. Motero dzino likulowa 6 mm m'puleti. Thupi la bushi liyenera kufupikirapo pang'ono kuyerekeza ndi kuchindikala kwa shoko, mwina theka la milimita, kuti washala ya nati ipanikize shoko yeniyeniyo. Bushi ikatulukira kunja, nati imalimba koma shoko n'kutsala ikusewera. Nkhope za mikombero zikhale zowongoka ndendende, n'chifukwa chake paipi yodula ndi sowo siigwira ntchito imeneyi. Ekiselo yakale inali yaifupi, ndipo titaigubuduza pagalasi inaonetsa kupindika. Mabuku ambiri a njinga salola kupitirira 0.2 mm. Tinafuna ekiselo yeniyeni ya njinga, ya 12, yotalika mokwanira kuti mazinga ake ayambire chakumapeto kwa shoko ndipo bowo la split pin, kachitsulo koletsa nati kumasuka, lionekere. Bauti wamba wa m'sitolo ya zomangira nyumba asayandikire pamalo amenewa.

Tsono zokwiyitsa. Galaja yathu ilibe lathe, timatumiza kwa osema zitsulo, ndipo Lachinayi lonse magetsi kunalibe kumeneko. Ekiselo yautali woyenera mnyamata anaisaka mashopu a m'tauni ndi ku Kamwala n'kubwera chimanjamanja, inapezeka Lachisanu kwa ogulitsa zochotsa panjinga zakufa. Pakati ponsepa abwana akungozungulira njinga. "Amisiri, ikani mawashala atsopano imange ipite, mwini wake akuluza ndalama." Yankho langa linali limodzi: "Abwana, njinga iyi ikatuluka chonchi, dzina la galaja ino lidzamveka pamaliro." Kuti wokwerayo akuluza ndalama ndi zoona, iye amayenera kulipira mwini kampani kaya wagwira ntchito kaya ayi, ndipo zimandikhudza. Koma abwana omwewo akhala akulonjeza torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa nati, chaka chonse, vernier imene tikugwiritsa ntchito ndi ya mmisiri payekha, ndipo anyamata ophunzira akuona tsiku ndi tsiku kuti kumanga nati ndi kuponda paipi pa sipanala. Wokulunga ekiselo ndi chitini uja anaphunzira pagalaja ngati yomweyi.

Kumanga kunachitika Lachisanu masana. Mabering'i atsopano a 6301, yoyamba kukhomedwa pamphete yakunja mpaka itakhala pansi, sipesa yapakati kulowa, kenako yachiwiri mpaka itangokhudza sipesa. Mukalowetsa chala, sipesayo isagwedere komanso isamangike. Giya ya sipidomita inali itaphwanyika timano chifukwa puleti anaikakamiza timanoto tisanalowe m'malo mwake, ndiye inasinthidwa. Polowetsa puleti muzizungulitsa pang'onopang'ono mpaka imve kukhala. Girisi pang'ono pa ekiselo, pamazinga ayi. Ekiselo ilowe ndi dzanja. Ikafuna hamala ndiye kuti shoko imodzi yakwera kuposa inzake, masulani kumtunda mukonze. Nati isanalimbe, gwirani buleki kuti nsapato zikhale pakati pa dilamu, kenako mangani. Pa ekiselo ya 12 nthawi zambiri ndi pakati pa 50 ndi 60 Nm pa torque wrench, koma buku la njingayo ndilo lotsatira. Torque wrench tinabwereka kwa anzathu a magalimoto. Split pin yatsopano, osati msomali.

Mashoko awa alibe pinch bolt, bauti yopanikiza ekiselo m'shoko, n'chifukwa chake masipesa anayenera kukwana ndendende. Pa njinga zimene zili nayo, dongosolo lake ndi nati poyamba, pinch bolt ili yomasuka, kenako njinga pansi, kudinikiza mashoko kangapo kuti shoko ipeze malo ake pa ekiselo, pinch bolt pomaliza. Mukayamba ndi pinch bolt mwatsekera shoko pamalo opotoka, ndipo matenda ake ndi omwe aja a kuuma ndi kukha.

Siilo zonse ziwiri tinasintha, oilo wa mashoko tinathira mofanana. Paipi yakumanzere ili ndi mzere wokhulika umene chikhadabo chikuumva, ndipo mwini wake tamuuza kuti siilo yatsopanoyo siikhalitsa paipiyo ikapanda kusinthidwa. Njinga inatuluka Loweruka m'mawa, wilo ikuzungulira mwakachetechete, mashoko akubwerera okha. Tamuuza abwerenso kumapeto kwa sabata ino tidzaone mabushi ndi dzino lija. Ntchito zina zimene zinaima chifukwa cha iyo, ma Boxer awiri a mapisitoni ndi TVS ya mawaya opsa, zikudikira Lolemba.