Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 4: Buku la Ubatizo

Sabata yatha ndinalekezera pomwe tinathawa kwathu kufupi ndi Cobue, ku Mozambique, n'kuwolokera ku Likoma pa bwato, usiku. Amayi ananyamula poto ndi ufa wa kondowole. Bambo, wansembe wa Anglican, anasiya nsapato zawo koma anakulunga buku la ubatizo m'pepala la pulasitiki n'kulimangirira pamimba. Amayi sanawayankhule mpaka kunacha.

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inali itakolera. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ife tinali kadontho chabe. Ku Likoma sitinali alendo kwenikweni: chilankhulo chimodzi, nyimbo zomwezo za mishoni ya Anglican ya UMCA, ndipo m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's tinkagwada ngati kwathu. Ine ndinkaganiza kuti basi, tafika.

Bambo ayi. Mwera ukangoleka ankapempha asodzi kuti awawolotse, ati nkhosa zatsala kutsidya. Kumeneko Misa ankachitira pansi pa mtengo wa mango, mbandakucha, osaimba belu, nyimbo monong'ona. Vinyo ankathira madontho owerengeka kuti akwanire miyezi. Tsiku lina anthu a mfuti anawalanda mkanjo ndi chikho, bambo anabwera atavala thumba. Buku lija sanalione, linali kudenga kwa gogo wina.

Ndinene zoona, ndinkawakwiyira. Mwana wa zaka khumi sasamala za nkhosa, amafuna bambo ake madzulo. Ndinkakhala pamchenga kuwerenga mabwato, ndipo ndikawaona ndinkathawira kuseri kwa nyumba kuti asadziwe kuti ndimawadikira.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Bambo ankanyadira kuti bishopu wa mpingo wathu, Dinis Sengulane, anali m'gulu la atsogoleri a mipingo omwe anatsegula njira ya zokambiranazo, ndipo pambuyo pake analimbikitsa anthu kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera.

Titabwerera tinapeza tchire. Apa m'pamene buku lija linayamba ntchito. Anthu omwe mapepala awo anapsa ankabwera pakhonde: "Bambo, tandiyang'anireni, ndinabadwa liti?" Mnyamata wina wotengedwa ali wamng'ono sankakumbukira dzina la mayi ake. Bambo ananyowetsa chala, n'kutsegula masamba pang'onopang'ono mpaka analipeza. Anawerenga kawiri. Mnyamatayo anapempha kachitatu.

Gawo lotsatira ndidzakuuzani momwe tinafolerera tchalitchi ndi udzu wopemphetsa.