Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Makilo a anganga

M'gawo lapita lija ndinalekezera pa tsiku limene anandiitanira ku ofesi ya esiteti n'kundiuza kuti ndisiye dengu, kuyambira Lolemba ndine kapitawo. Unali mwezi wa Disembala 2001, mvula itangokhazikika, tiyi akuphuka usiku ndi usana. Ndinali ndi zaka 27, nditathyola tiyi nyengo zisanu. Gawo lino ndakhala ndikulizengereza milungu itatu, chifukwa muli zinthu zimene ngakhale ana anga sanazimvepo kuchokera pakamwa panga.

Kwathu kuno ku Mulanje dzina lakuti kapitawo lili ndi fungo lake. Agogo anga aamuna anawoloka Ruo kuchokera ku Mozambique ali mnyamata, monga anachitira Alomwe ambiri amene anadzakhazikika m'mphepete mwa phirili, ndipo anakulira m'thangata, kugwira ntchito m'minda ya azungu kuti aloledwe kukhala pa malo. Akamatisimbira za masiku amenewo, mzungu sankamutchula kwambiri. Amene ankawawa mumtima mwawo anali kapitawo, munthu wakuda mnzawo, wolankhula Chilomwe ngati iwo, koma atagwira chikoti. Ndiye nditapita kukawauza amalume za kukwezedwa kwanga, anandigwira dzanja nthawi yaitali osamwetulira. Iwo anali mkulu wa mpingo wa CCAP ndiponso mwini mbumba kwathu. Anati, "Mphwanga, ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Iwe mame a m'tiyi ukuwadziwa, ali m'miyendo mwakomo."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinkadziwa ine kuti sindidzakalipira munthu, sindidzatukwana mayi wa wina, ndipo zimenezo ndinazisungadi. Mayesero anabwera kudzera pa khomo limene sindinaikepo mlonda.

Kwa amene simunagwirepo ntchito m'tiyi, tsiku limayenda motere. Kusanache kwenikweni kapitawo amaitana mayina n'kugawa mizere. Wothyola aliyense amabereka dengu kumsana, amadzikulunga pulasitiki m'chiuno poopa mame, ndipo amagoneka ndodo pamwamba pa tiyi kuti mutu wa munda ukhale wofanana ngati tebulo. Chofunika ndi masamba awiri ndi kansonga kake. Kapitawo amayenda m'mizere kupisa dzanja m'madengu, akapeza masamba okhwima ndi timitengo amabweza kuti asankhe. Kenako imafika nthawi ya sikelo. Kwa ife inkapachikidwa pansi pa mtengo wa bulugamu m'mphepete mwa msewu wa thirakitala, kalaliki ataima ndi buku lake. Munthu akakwanitsa mlingo wa tsiku walandira tsiku lake, makilo opitirira pamenepo amalipidwa paokha. Masamba amapita ku fakitale, akauma amakagulitsidwa ku okishoni ku Limbe, koma kwa wothyola dziko lonse limathera pa muvi wa sikelo ija. Ndipo ambiri m'gulu langa la anthu 42, makamaka amayi achikulire, sankatha kuwerenga. Sukulu ya ulere inabwera mu 1994 iwo atakula kale. Muvi ukaima, ankangomva chimene kalaliki wanena, n'kuyang'ana nkhope ya kapitawo. Kapitawo akagwedeza mutu, basi ndi zoona.

Januwale wa 2002 amene munalipo mukumukumbukira. Chimanga chinasowa, mtengo unakwera kangapo konse, ku ADMARC anthu ankagona pamzere. M'midzi anthu ankadya madeya, mizu ya nthochi, maungu osakhwima. Amene anali ndi kangachepe ankathamangira ku Limbuli, kumene anyamata a njinga ankafika ndi matumba kuchokera ku Milange kudzera pa Muloza. Kumapeto kwa Febuluwale mtsogoleri wa dziko nthawi imeneyo, a Bakili Muluzi, analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala, koma ife tinali titaidziwa kale m'mimba. Nsima ya masana imene tinkalandira ku ntchito, amayi ambiri ankangonyema kawiri katatu, yotsalayo n'kukulunga m'jumbo kuti ana akalawe madzulo.

M'masiku amenewo ndi mmene kalaliki wathu anandikokera pambali. Anali bambo waulemu, wondiposa zaka, ndipo ndinene chilungamo, pakhomo pake panali ana amasiye a mchemwali wake kuwonjezera pa ake. Anandifotokozera mmene zinkayendera kapitawo wakale asanachoke. Tsiku la mvula masamba amalemera ndi madzi, ndiye pamakhala makilo amene amachotsedwa mwalamulo. Iye ankachotsa kupitirira pamenepo, kilo imodzi apa, awiri apo, ndipo makilo amenewo ankawalemba pa mayina awiri a anthu amene analembedwa ntchito ya nyengo koma m'munda sankapondamo. Ku fakitale zonse zinkagwirizana, chifukwa kulemera kwa matumba sikunasinthe. Chimene chinkasowa chinali chimodzi: kapitawo achonge kuti anthu awiri aja anabwera.

"Akapitawo," anatero, "mbuzi imadya pamene aimangirira. Kampani siluza kanthu. Kilo imodzi munthu angaimve?"

Ndikanakonda nditalemba kuti ndinalimbana nazo masiku ambiri. Ayi. Ndinaganiza za mayi akunyumba amene anali oyembekezera, ndinaganiza za amayi anga kumudzi, ndipo m'mawa mwake ndinachonga mayina awiri aja. Cholembera sichinalemere n'komwe.

M'gulu langa munali mayi ena achikulire a m'mudzi mwa amayi anga, amene tonse tinkangowatcha anganga. Ndi iwo anandiphunzitsa kuthyola ndi manja awiri nditangoyamba ntchito, ndipo zala zanga zitang'ambika anandimanga ndi kansalu kawo. Ankalera zidzukulu zitatu. Tsiku lina cha m'ma 10 koloko anafika pa sikelo, anatula dengu, kalaliki anayang'ana muvi n'kunena kuti 9. Anganga sanachoke. Anagwira khosi lawo kumbuyo, n'kutembenukira kwa ine.

"Akapitawo, dengu limeneli ndalisenza zaka zambiri. Likakhala la 9 khosi limadziwa. Ili si la 9."

Ine muvi ndinali nditauona. Unaima pa 11.

"Ndi madzi, anganga," ndinayankha. "Masamba anyowa."

Mvula inali italeka usiku, dzuwa linali litaumitsa kale mame. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana ine, ndipo anati, "Chabwino, ngati mwaona inuyo." Anatola dengu lawo n'kubwerera mumzere.

Pa malipiro achiwiri gawo langa linakwana thumba la chimanga la makilo 50. Ndinakalitenga ku Limbuli pa njinga yanga, theka ndinasiya kunyumba, theka ndinapititsa kwa amayi. Atandifunsa kumene ndapeza ndalama, ndinati ukapitawo uli ndi zake. Amayi anga anali munthu wa Mvano weniweni, wosatha kudya mnansi akuyang'ana. Anakagayitsa, n'kuyamba kutapa ufa m'mbale kugawira makomo oyandikana nawo.

Loweruka madzulo ndinali pakhonde pa amayi pamene anganga analowa pabwalo. Atandiona anagwada pansi, munthu wamkulu woti n'kubala amayi anga, n'kuyamba kuomba m'manja. "Ndabwera kudzathokoza, mwana wanga. Amayi anu andiuza kuti ufa uja ndi wa inu. Ana adya dzulo, adyanso lero. Mulungu akuonjezereni pamene mwachotsapo."

Ndinalephera kuyankha. Ufa umene ankathokozawo unali thukuta lawo lomwe, makilo awo amene ndinawadula pansi pa bulugamu, atazungulira ku Limbuli n'kubwerera kwa iwo m'kambale kamodzi, ndipo iwo atagwada kwa wakuba wawo. Amayi anandiikira nsima usiku umenewo, sindinaikhudze.

Ndinali mphunzitsi wa Sande sukulu. Yakobo 5:4 ndinkaidziwa pamtima, pamene akunena za malipiro a antchito a m'munda amene abisidwa mwachinyengo, kuti amafuula ndipo kulira kwa okololawo kumafika m'makutu a Ambuye. Koma moyo wanga wonse vesi imeneyi ndinkaiwerenga nditaima kumbali ya olira. Olemera anali ena, eni minda, akuluakulu a m'maofesi. Usiku umenewo, pa kuwala kwa koloboyi, ndinaona kuti munthu safunika kukhala ndi esiteti kuti vesiyo imupeze. Buku limodzi ndi cholembera n'zokwanira. Ndinatsegulanso Miyambo 11:1, pamene akuti muyeso wonyenga umamunyansa Yehova, ndipo ndinadabwa kuti Mulungu wa kumwamba amasamala za muvi wa sikelo.

Chimene chinandibaya kwambiri ndi mawu aja akuti "ngati mwaona inuyo". Anganga anakhulupirira maso anga kuposa khosi lawo. Ndi zimene anthu amachita akakuika patsogolo: amakubwereka maso awo pa zinthu zimene iwo sangathe kuona. Zaka zotsatira ndakhalapo msungichuma wa mlaga wathu, ndakhalapo m'komiti ya sukulu ndi ya mjigo, ndipo paliponse ndapeza kuti pali sikelo ina imene wotsogolera amaiona yekha. Anthu amatha kuona ngati ukuwakalipira kapena ayi, n'chifukwa chake ambirife pamenepo timasamala. Ine ndinali kapitawo wofatsa, wopempherera gulu m'mawa uliwonse, ndipo ndinkawabera. Mpaka lero ndikamva anthu akuyamikira mtsogoleri kuti ndi wodzichepetsa polankhula, mtima wanga umafuna kudziwa kuti buku amasunga ndani ndipo ndani wina amaliona.

Lamulungu kusanache ndinagogoda kwa amalume. Anamvetsera zonse ali chete, atafunda bulangeti, kenako anafunsa funso limodzi: "Ndi ndalama zingati?" Nditawauza, anati ndiwerengenso bwino, munthu ndi munthu. Ine ndinkaganiza kuti anditengera kwa abusa, ndikalape, andiimike mgonero miyezi ingapo, nkhani ithere m'tchalitchi. Iwo anakana.

"Kwa abusa tipita, koma pambuyo. Abusa sunawabere. Ambuye anati ukafika ndi mphatso paguwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, siya mphatsoyo, pita kaye kwa mbale wakoyo. Zakeyu uja sanangolira, anatchula zobweza. Uyambire pansi pa mtengo pomwe unalakwira."

Ndinati ntchito ikhoza kutha, mayi akunyumba ali pafupi kuchira. Anati, "Ikhozadi kutha. Mutu ukakula sulewa nkhonya." Sanandilonjeze kuti Mulungu andipulumutsa ku zotsatira zake, ndipo ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezo.

Lolemba ndinafika pa bulugamu kalaliki asanabwere, ndinatembenuza sikelo kuti nkhope yake iyang'ane kumene anthu amaima. M'gulumo munali mtsikana wina amene analekeza Sitandade 8. Ndinamuuza kuti aime pafupi, aziwerenga muvi mokweza kalaliki asanalembe. Mayina awiri aja sindinawachonge. Kalaliki sananene kanthu, koma dzanja lake linkanjenjemera polemba.

Pa nsima ya masana ndinapempha gulu lonse kuti likhale pamodzi. Ndinavula chipewa. Ndinawauza kuti kwa milungu isanu makilo awo akhala akudulidwa, kuti ine ndinkadziwa, ndinkachonga, ndipo ndinadyako. Za kalaliki sindinanene zambiri, ndinanena zanga. Ndinalonjeza kubweza gawo limene ndinalandira, aliyense monga mwa masiku ake.

Panalibe amene anaimba nyimbo kapena kunena kuti ameni. Bambo wina, amene mwana wake anali atatupa miyendo ndi njala, anaimirira n'kutaya nsima yake pansi patsogolo panga. Anati, "Inu mumatipempherera m'mawa uliwonse." Bambo ameneyo sanandipatsenso moni mpaka nyengo inatha, ndipo sindinamuonepo wolakwa. Ena anayamba kufunsana za makilo awo, ena ankangoyang'ana pansi. Anganga anamaliza kukulunga nsima yawo m'jumbo, anamanga pa nsonga ya chitenje, ndipo podutsa pafupi ndi ine anati motsitsa mawu, "Kuti makilo akudulidwa ndinkadziwa. Ndinkati ndi a kalaliki okha." Kuyambira tsiku limenelo anasiya kunditcha mwana wawo. Ankangoti akapitawo, ngakhale kumudzi, ndipo panapita nthawi yoposa chaka dzina lija lisanabwerere.

Lachitatu ndinagulitsa njinga ija kwa mnyamata wina wa ku Chitakale, n'kuyamba kubweza kwa amene anali ndi ana aang'ono. Zotsala ndinazimaliza mu Juni. Mayi akunyumba nditawauza analira usiku wonse, osati chifukwa cha njinga, koma chifukwa nawonso anadya nsima ija n'kuthokoza Mulungu.

Lachinayi cha m'ma 9 koloko ndili m'kati mwa mizere, ndinamva njinga yamoto ikuima pa msewu wa thirakitala. Anali mesenjala wa ku ofesi. Anandipatsa kapepala kakuti ndifike msanga, ndipo nditenge buku la mayina. Nditamufunsa kuti kwagwanji, anandiuza monong'ona kuti kalaliki anali atafika kale kwa manijala m'mawa womwewo, ndipo wanena kuti mayina awiri aja ndinabwera nawo ndine. Ndinasiya gulu m'manja mwa mtsikana wowerenga muvi uja, ndinapisa buku m'malaya poopa mvula imene inkatsika kuchokera kuphiri, n'kuyamba ulendo wapansi. Zimene zinachitika mu ofesimo ndidzafotokoza m'gawo 10.