Mtsutso wa Malta wandisowetsa tulo

Aphunzitsi athu a mbiri yakale atagawa mitu ya mtsutso, ine unandigwera wa Malta. Funso lake linali lakuti: kodi ulamuliro wa alendo unafooketsa Amalta monga fuko, kapena ndiwo unawaumba? Ndinalumphira mbali yoyamba ndisanatsegule ndi buku lomwe. Mumtima ndinkati mtsamunda ndi mtsamunda basi.

Patha sabata ziwiri ndikuwerenga, ndipo mfundo zanga zagwedezeka.

Malta ndi tizilumba ta kummwera kwa Sicily, chilumba cha ku Italy, masikweya kilomita 316 okha, koma eni mphamvu akhala akulandizana ngati mtondo wa pamudzi. Aroma analamulirapo, Aarabu anafika mu 870, Count Roger wa ku Sicily mu 1091. Mu 1530 mfumu Charles V inapereka zilumbazi kwa asilikali achipembedzo a St John, omwe anathamangitsidwa ndi Napoleon wa ku France mu 1798. Kenako Angerezi.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi chilankhulo. Chimalta chinaphuka kuchokera ku Chiarabu, chinatola mawu ochuluka a Chitaliyana, ndipo chimalembedwa ndi zilembo zonga zathuzi. Anthu ake ndi Akatolika olimba, onyadira kuti mtumwi Paulo anapulumukira pachilumba chawo ngalawa itasweka, koma popemphera Mulungu amamutchula kuti Alla. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana liwu limeneli. Ukati uchotse zonse zobwera ndi alendo kuti upeze Mmalta weniweni, utsala ndi chiyani m'manja? Ngakhale pakamwa pake pomwe pakhala popanda mawu.

Nkhani ya m'makhoti ndi m'masukulu ndiyo inandisokoneza zedi. Kwa zaka mazanamazana maloya, ansembe ndi anthu ophunzira ankalemba Chitaliyana, Chimalta n'kumachiona ngati cha kukhitchini. Chipani cha Nationalist chinkamenyera Chitaliyanacho pokana Chingerezi. Amene anakweza Chimalta kukhala chilankhulo cha boma mu 1934 ndi Angerezi, osati chifukwa chochikonda, koma pofuna kudula mapiko a Italy ya Mussolini. Mu 1942, mkati mwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Angereziwo anatumiza ku Uganda Amalta oposa 40 omwe ankawaganizira kuti mtima wawo uli ku Italy, mmodzi mwa iwo Enrico Mizzi, amene pambuyo pake anadzakhala nduna yaikulu. Chaka chomwecho mfumu George VI ya ku Britain inapatsa chilumba chonse mendulo ya George Cross chifukwa chopirira mabomba, ndipo mtanda umenewo udakali pambendera yawo mpaka lero.

Komabe mbali yanga si yopanda kanthu. Afalansa atayamba kulanda chuma cha m'matchalitchi, Amalta anawaukira okha mu September 1798, n'kuitana Angerezi kuti awathandize. Mu 1802 atsogoleri awo analemba chikalata chonena kuti mfumu ya Britain ilibe mphamvu yopereka zilumbazo kwa wina aliyense. Koma mu 1814 maiko akuluakulu atakumana ku Paris anangogamula kuti Malta ndi ya Britain. Woitanidwa kudzathandiza anasanduka mwini nyumba. Pa 7 June 1919, anthu atakwiya ndi kukwera mtengo kwa buledi, asilikali a Britain anawombera khamu, ndipo anthu anayi anataya moyo. Izi zimandiwawa ndikamaziwerenga.

Ufulu anaulandira pa 21 September 1964, patangopita miyezi iwiri ndi theka ife titalandira wathu. Koma a chipani cha Labour cha Dom Mintoff, yemwe mu 1956 ankafuna kuti Malta iphatikizidwe ndi Britain, amati ufulu weniweni unadza pa 31 March 1979, asilikali a Britain atachoka. Posagwirizana tsiku limodzi, lero ali ndi masiku asanu a fuko.

Ndinakapempha aphunzitsi kuti ndisinthe mbali, anakana. Choncho Lachisanu ndikayamba ndi chikalata cha 1802 chija, ndipo anzanga akakandifunsa za liwu lakuti Alla, ndikavomera kuti pamenepo akunena zoona.