Kamwala ka pa M62 ndi diso la Leaf yanga

Kamwalako sindinakaone. Ndinangomva kuti thwa! ngati mwana walasa malata ndi legeni, ndipo nditaponya maso ndinaona kanyenyezi koyera pagalasi lakutsogolo, m'munsi chakumanzere, mbali ya pasenja. Munali mu Januwale, ndikuchokera ku shifiti ya usiku, pa msewu wa M62 pakati pa Huddersfield ndi Leeds, kuno ku England. Kutsogolo kwanga kunali lole, ndipo nyengo imeneyi misewu ya kuno imakhala mbwee timiyala ndi mchere umene amawaza kuti isaterere.

Galimoto yanga ndi Nissan Leaf ya 2019, yamagetsi okhaokha, ya mtundu umene ankapangira ku Sunderland. Ndinaigula kwa munthu wina itayenda kale, ndipo chimene chinandikopa ndi kabatani kabuluu ka pachiwongolero ka ProPilot. Ukakadina, galimoto imadzisungira yokha mpata pakati pa iyo ndi ya kutsogolo, n'kumathandiza kugwira chiwongolero kuti usatuluke mumzere. Munthu wogwira ntchito usiku wonse amadziwa kufunika kwake.

Koma ine ndinakulira m'minibasi za ku Ndirande, momwe mng'alu wa pa windisikilini umakalamba limodzi ndi dalaivala. Choncho kanyenyezi kaja ndinangokasisita ndi chala n'kunena kuti tiona mawa. Chikhala kuti ndinaimba foni tsiku lomwelo, bwenzi nkhani yonseyi kulibe. Pobooka pakakhala pang'ono, osati m'mphepete mwenimweni, amangopopera mankhwala onga guluu woonekera, kuumitsa ndi getsi, basi galasi lapulumuka.

Patapita masiku anayi kunagwa chisanu choopsa. Ndili m'bulangete ndinatenga foni n'kuyatsa hita ya galimoto, poti zamagetsizi zimalola kutero zili chilumikizire kutchaja. Nditatuluka ndinapeza m'kati muli mofunda bwino, ndipo mng'alu utayenda ngati njoka kuchokera pa kanyenyezi kaja mpaka pakati. Mphepo yotentha m'kati, madzi oundana kunja, galasi linakokedwa uku ndi uku pamalo pomwe linali kale ndi bala.

Apa panalibenso zozengereza, chifukwa MOT, kuyeza galimoto kwa chaka ndi chaka kuja, inali pafupi. Lamulo lake ndi losavuta. Kutsogolo kwa dalaivala kuli chigawo cha mamilimita 290 m'lifupi, pakati pake ndi pachiwongolero, ndipo m'menemo bala loposa mamilimita 10 likhoza kugwetsa galimoto. Kwina konse komwe mawaipa amasesa, malire ndi mamilimita 40. Wanga unali wautali kuposa mkono.

Ndinaimbira a inshulansi. Anandiuza kuti ndilipirepo mapaundi 100, zotsala ndi zawo, ndipo anandilumikiza ndi kampani ya magalasi yomwe amagwira nayo ntchito. Mtsikana wa pafoni anandifunsa nambala ya galimoto ndi kumene ndimakhala, n'kundipatsa tsiku loti munthu abwere kunyumba. Sanafunse za kamera ya pa windisikilini. Inenso sindinatchule, ndipo pamenepa ndi pomwe tonse awiri tinaphonya.

Lachiwiri lake kunabwera bambo wina wachikulire pa vani. Asanatsitse n'komwe zida, anasuzumira kuseri kwa galasi loonera kumbuyo lija, pomwe pali kabokosi kakuda kokakamira ku windisikilini. Kenako anapita ku vani, kukafunyulula galasi lomwe anabweretsa, n'kupukusa mutu.

"Ili si lanu," anatero.

Ndinati bwanji, poti kukula kwake n'kofanana. Anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Chapamwamba pa galasi langa pali kawindo kooneka ngati katatu kodulidwa nsonga, kozunguliridwa ndi utoto wakuda, ndipo m'kati mwake anamatapo kachitsulo kogwira kamera. Kachitsuloko kamabwera katamatidwa kale kufakitale. Galasi la mu vani linalibe malo oterowo. Anawonjezera kuti ngakhale likanakhala loyenera, ntchito akanaisiya theka, chifukwa kamera ikachotsedwa n'kubwezeredwa imafunika calibration, ndiko kuti kuilinganizanso kuti iloze molondola, ndipo pamalo otsetsereka ngati pakhomo pangapo sizingatheke. Ndinakhumudwa kuti tsiku langa lopuma lapita pachabe, koma bambo ameneyu ndimamuthokoza mpaka lero. Wina akanangomata n'kumapita.

Usiku umenewo ndinakhala pansi kuti ndimvetse chomwe ndikulipirira. Kamera ija ndiyo imaona mizere ya pamsewu, zikwangwani za liwiro, ndi anthu oyenda pansi. Imagwira ntchito limodzi ndi radar, chida choyeza mtunda wa zomwe zili kutsogolo, yomwe ili kumphuno kwa galimoto, ndipo ziwirizi ndi zomwe zimauza mabuleki kuti agwire okha ngozi ikayandikira. Tsono kamerayo imayang'ana kudzera m'galasi. Galasi latsopano likakhala mopendekeka pang'ono, kapena kachitsulo kaja kakasiyana ndi kakale ndi kachidutswa chabe, diso limaloza kwina. Ndinawerengetsa pa foni: kupendekeka kwa digiri imodzi yokha, pa mtunda wa mamita 100, kumasanduka pafupifupi mita 1.7. Njira imodzi ya pa motorway kuno ndi mamita 3.65. Ndiye kuti galimoto ikhoza kuganiza kuti lole ili m'njira ya pambali pomwe ili patsogolo pako penipeni. Choopsa n'chakuti nthawi zina pa dashibodi sipayaka chenjezo lililonse, chifukwa kamera ikugwira ntchito ndithu, kungoti ikuona mopotoka.

M'mawa ndinaimbanso, ulendo uno ndili ndi mafunso anga. Ndinawawerengera nambala ya VIN, ya zilembo ndi manambala 17 ija, yomwe imaoneka pakona ya m'munsi ya galasi lomwelo. Ndinawauza kuti pali kamera ndi kachida komva mvula kamene kamayendetsa mawaipa okha. Ndinafunsa ngati calibration ichitike tsiku lomwelo ndi malo omwewo, ngati ili m'kati mwa mapaundi 100 aja, ndiponso ngati adzandipatse pepala losonyeza kuti yatheka. Onse anayankha kuti inde. Pepala limeneli silopempha mwamanyazi ayi. Kuyambira mu 2021 makampani a inshulansi kuno ali ndi mfundo zomwe anakonza ndi bungwe la Thatcham Research, zonena kuti wokonza galimoto yokhala ndi zida zoterezi azitsimikiza kuti zikugwira ntchito molondola ndipo azisunga umboni wake.

Panali nkhani inanso, ya mtundu wa galasi. Lilipo lokhala ndi chidindo cha kampani ya galimoto, lilipo lopanda. Opanga magalimoto ambiri sapanga okha magalasi, amaoda kwa makampani monga Pilkington, Saint-Gobain Sekurit, AGC ndi Fuyao, ndipo omwewa amagulitsanso ena opanda chidindo pamtengo wotsikirapo. A inshulansi yanga anati amalipira lopanda chidindo, ndikafuna linalo ndiwonjezere za m'thumba. Ndinaganizaganiza n'kuvomera lopanda chidindolo, koma ndinati ndilione asanaliike. Ena amati zimenezi n'kutchova juga. Ine ndimaona kuti chachikulu n'chakuti likhale lopangidwira galimoto imeneyo ndi zida zake, ndipo kamera ivomere pomaliza. Amene galimoto yake imaonetsa liwiro pagalasi penipenipo, kapena ili ndi timawaya tosungunulira chisanu, kapena galasi lochepetsa phokoso, ameneyo ndiye asalole kumusinthira ndi wamba. Pa galimoto yamagetsi phokoso si nkhani yocheza. Palibe injini yobisa kanthu, kamphepo kakang'ono kolowa pampata umakamva ngati likhweru.

Tsiku litafika ndinapita ku galaja yawo m'mawa, batire litadzaza. Anandilola kuima kuseri kwa mzere wachikasu n'kumaonerera. Galasi latsopano linali pa kathebulo kokutidwa mphira, ndipo ndinawerama kuona chidindo cha pakona: chilembo E m'kati mwa kabwalo, ndi 43R, kusonyeza kuti likukwaniritsa muyezo wa magalasi a galimoto. Kachitsulo ka kamera kanalipo.

Anyamata awiri anachotsa mawaipa, pulasitiki ya m'munsi mwake, ndi zotchinga za m'mbali. Mmodzi anatsegula kabokosi kakuda kaja n'kutulutsa kamera mosamala ngati akutola dzira. Ndinadabwa kuchepa kwake, kanthu kokwana m'chikhatho. Anaikulunga m'kansalu. Kenako analowetsa chingwe cholimba pakati pa galasi ndi chitsulo, n'kumachikoka ndi kamakina kozungulira komata m'kati, ndipo guluu wakale ankaduka pang'onopang'ono kuzungulira konse. Atalinyamula galasi lakale ndinaona kuti silinamwazike ngakhale linali long'aluka choncho. Ndi magalasi awiri omatidwa, pakati pali kapulasitiki kopyapyala.

Chomwe ndinachiyang'anitsitsa ndi kumata. Guluu wakale sanamupale yense, anasiyako kaguluu kopyapyala kuti watsopano agwirepo. Pomwe mpeni unakanda penti anapakapo mankhwala akuda oteteza dzimbiri. Kenako mmodzi anayendetsa mfuti ya guluu mozungulira osaimitsa dzanja, n'kusiya mzere wakuda wosongoka pamwamba ngati mzere wa mbatata. Ananyamula galasi ndi zogwirira zomata, wina uku wina uku, kuwerenga mpaka katatu, n'kulikhazika kamodzi kokha. Ndinafunsa kuti bwanji salisuntha kuti alilinganize. Anati ukalisuntha umafufuta mzere wa guluu uja n'kusiya mpata wa madzi ndi mphepo. Anandikumbutsanso kuti galasili limathandiza kuchirikiza denga galimoto ikagubuduzika, ndipo airbag ya pasenja ikaphulika imatsamira pomwepo. Ndi chifukwa chake anati isayende kwa ola lathunthu, makamaka poti kunja kunkazizira.

Ola litatha anailowetsa m'chipinda china cha pansi posalala ngati tebulo. Apa ndi pomwe ndinachita manyazi. Mnyamata wa calibration anatsegula kubuti n'kupeza thumba la ufa la makilogalamu 10, zingwe zotchajira, jeke, ndi makatoni awiri a madzi. Anandiyang'ana, ine n'kuyamba kutsitsa. Katundu wolemera kumbuyo amatukula mphuno ya galimoto, kamera n'kuloza m'mwamba. Anayeza mpweya m'matayala onse anayi, limodzi linali lochepa, analipopa. Anawongola chiwongolero. Analumikizanso tchaja ku kabatire kakang'ono ka mavoti 12. Ambiri sadziwa kuti galimoto yamagetsi ili nako kabatire kotere, kofanana ndi ka galimoto ina iliyonse, ndipo ndi komwe kamadyetsa makompyuta ndi kamera. Kakafooka pakati pa ntchito, zonse zimayambiranso.

Anamangirira zida za kuwala kofiira kumatayala kuti apeze pakati penipeni pa galimoto, n'kuimika chikwangwani cha mabokosi akuda ndi oyera kutsogolo kwake. Mtunda ndi msinkhu wa chikwangwanicho ankaziwerenga pa tabuleti yomwe anailumikiza pansi pa dashibodi. Anasuntha pang'ono, kuyezanso, kusunthanso. Atadina, tinadikira, ndipo tabuleti inakana. Mtima unagunda, ndikuganiza kuti lija lopanda chidindo landigwetsa. Mnyamatayo sanatekeseke. Anatembenuka, kuona kuti dzuwa lotsika la m'nyengo yozizira likulowa pachitseko n'kumawala pa chikwangwani, anatsitsa chitsekocho. Ulendo wachiwiri inavomera.

Magalimoto ena sachita zimenezi m'chipinda. Amafuna kuyendetsedwa pamsewu wa mizere yooneka bwino, kompyuta ili yolumikizidwa, ndipo ena amafuna njira zonse ziwiri. Mnzanga wina wa kutchalitchi ali ndi Tesla, ndipo yake imadziphunzitsa yokha ikamayenda, kawirikawiri pa mamailosi 20 mpaka 25. Ndiye musamve za mnzanu n'kuganiza kuti yanunso ndi choncho.

Anandipatsa pepala losindikiza, lokhala ndi VIN, tsiku, ndi mawu osonyeza kuti kamera yakhoza. Ndinaliwerenga ndisanasaine kalikonse, n'kulijambulanso pa foni. Anandilangiza kuti tepi ya m'mbali ndiisiye mpaka mawa, ndisapite kotsukitsa ndi madzi amphamvu kwa masiku awiri, ndipo ndisamenyetse zitseko mawindo onse ali otseka, poti mpweya wa m'kati umakankha galasi guluu asanakhwime. Dashcam yanga, kamera yanga yojambula msewu, anati ndiimate patali ndi kawindo ka kamera. Ndisanachoke ndinathira madzi pagalasi kuti ndione ngati mawaipa ayambe okha. Anayamba.

Pobwerera ndinadzera dala pa M62, wailesi nditazimitsa kuti ndimve ngati pali likhweru. Panalibe. Nditafika poongoka ndinadina kabatani kabuluu kaja, manja ali pachiwongolero, phazi lili pafupi ndi buleki. Mizere ya pa dashibodi inakhala yotuwa kwa kanthawi, kenako inasanduka yobiriwira, ndipo ndinamva chiwongolero chikulimba m'manja. Ndinayang'ana pagalasi la kumanja ndi la kumanzere kuti ndione ngati galimoto ili pakati pa mizere iwiri. Inali pakati. Chikwangwani cha 50 cha pamalo pomwe ankakonza msewu inachiwerenga ndisanachione ine.

Nditafika kunyumba mayi a ana anatuluka kudzaona galasi latsopano, n'kufunsa komwe kuli ufa. Ndinali nditausiya ku galaja, pafupi ndi mzere wachikasu uja.